Mlendo ndi Kalumo Kake: Mbiri ya Zisudzo Zoyendera Ana a Sukulu, Kuchokera ku Lusaka ndi ku Zomba Mpaka ku Bindura

Tawuni ya Bindura ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa mzinda wa Harare, m'chigwa cha mtsinje wa Mazowe. Ndiyo likulu la chigawo cha Mashonaland Central, ndipo kuyambira pachiyambi moyo wake wakhala ukutsamira pa migodi ndi mafamu. Munthu woyenda m'madera a Aerodrome, Chipadze ndi Chiwaridzo, kapena wokafika ku komboni ya mgodi wa Trojan, sachedwa kumva mayina a Phiri, Banda, Mwale ndi Mbewe. Eni mayinawo ndi ana ndi adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzafuna ntchito, ena n'kutchona. Ana a m'mabanja amenewa lero amasewera m'Chishona ndi kuphunzira m'Chingerezi. Chichewa amachimva pamaliro, m'nyimbo za kutchalitchi, pabwalo la gule, ndiponso pamene agogo akudzudzula mwana wosamva.

Mbiri ya zisudzo zoyendera masukulu, pamodzi ndi misonkhano yophunzitsa ana luso la masewero, imawakhudza ana otere koposa anzawo. Kwa zaka zoposa 60 anthu a zisudzo mu Afirika akhala akulimbana ndi mafunso awiri: sewero likabwera pasukulu, limabwera m'chilankhulo cha yani, ndipo alendowo akamanga katundu wawo n'kupita, pasukulupo pamatsala chiyani? Makolo anasiya miyambi iwiri yonena za mlendo. Wina umati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Wina umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Zisudzo zoyendayenda zakhala pakati pa miyambi iwiriyi, ndipo njira yake inadutsa ku Lusaka ndi ku Zomba isanafike m'chigawo chomwe muli Bindura.

Bwalo lomwe alendo analipeza

Poyamba malowa ankatchedwa Kimberley Reefs, potengera mgodi wa golide womwe unatsegulidwa kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Dzina la Bindura linakhazikika mu 1913, njanji itafika. Eni migodi ndi mafamu ankasowa antchito, pakuti Ashona ambiri ankaona kuti kulima n'kugulitsa zokolola kunali kwabwino kusiyana ndi kulowa pansi pa nthaka pa malipiro ochepa. Choncho maso a azungu anatembenukira kumpoto kwa Zambezi. Msonkho unkathamangitsa amuna m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Lilongwe, Fort Jameson ndi Angonia. Ankayenda pansi milungu ingapo, kuwoloka Zambezi, n'kulowa m'dziko la Southern Rhodesia podzera ku Mtoko kapena ku Mount Darwin. Pambuyo pake kunabwera magalimoto a Ulere ndi bungwe lolemba antchito lomwe anthu analitcha Mthandizi.

Apaulendowa anasenza zambiri kuposa mabulangete ndi mitolo ya ufa. Anabwera ndi nthano, ndi beni, ndi Gule Wamkulu, amene Ashona anamutcha zvigure. Lamulungu masana, ntchito itaima, ng'oma zinkalira m'makomboni. Akapitawo ndi eni migodi ankalola zimenezi poganiza kuti wantchito wovina saganiza zothawa. Koma anthu odziwa kusonkhana povina ndi poika mnzawo m'manda ankadziwanso kusonkhana pa nkhani zina. Mu Seputembala 1927 antchito pafupifupi 3,500 a pa mgodi wa Shamva, kum'mawa kwa Bindura, ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, ndipo ambiri mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland. Olemba mbiri amaika sitalaka imeneyi m'gulu la zoyambirira zikuluzikulu za anthu akuda m'dzikolo.

Eni gule savomera kuti gule atchedwe sewero. Ndi mwambo wa mizimu, uli ndi dambwe lake ndi zinsinsi zake, ndipo zimenezi ziyenera kulemekezedwa. Komabe mwana wa m'komboni amene ankaonerera ali kumbuyo kwa amayi ake ankaphunzira zinthu zimene aphunzitsi a zisudzo amatha zaka akuphunzitsa. Ankaona m'mene thupi lokha limafotokozera khalidwe popanda mawu. Ankaona Simoni wa nkhope yofiira akuyenda modzikuza ngati mzungu, anthu n'kumaseka munthu amene tsiku lotsatira akamugwadire. Ankaona kuti owonera sakhala chete, pakuti amayi oyimba ndi owomba m'manja ndiwo amene amasenza gule. Madzulo, pamoto, wokamba nthano akati "padangokhala", ana onse ankayankha kuti "tili tonse", ndipo nthanoyo sinkayenda popanda yankho limenelo.

Sukulu ndi tchalitchi zinali ndi njira ina. Mu 1912 Mbusa T.C.B. Vlok wa mishoni ya Nkhoma anafika ku Salisbury kudzatumikira anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inabala sinodi ya CCAP ya Harare. Mpingo unasunga Chichewa kudzera mu Buku Lopatulika ndi nyimbo za Mulungu, koma unkaletsa akhirisitu ake kupita ku gule. Kusukulu sewero lolemekezeka linali la Shakespeare, lowerengedwa pofuna kukhoza mayeso. Ku Salisbury azungu anali ndi nyumba yawo ya zisudzo ya Reps, yomwe inatsegulidwa mu 1960. Choncho mwana wa wantchito wa mumgodi anakula akudziwa mabwalo awiri osayenderana: la kwawo, lomwe aphunzitsi ankati n'lachikunja, ndi la m'buku, lomwe silinkalankhula chilankhulo cha amayi ake.

Ophunzira akwera lole

Maganizo otengera masewero kwa anthu, m'malo modikira kuti anthu abwere ku holo, anayambira m'mayunivesite atsopano a nthawi ya ufulu. Mu 1961 ophunzira a ku Ibadan, ku Nigeria, anayenda m'matawuni ndi sewero la Molière lomwe analiveka zovala za kwawoko n'kulitcha That Scoundrel Suberu. Chapakati pa zaka za m'ma 1960, ku Makerere, ku Uganda, David Cook ndi Betty Baker anayambitsa gulu loyendayenda lomwe linkaonetsa masewero kwaulere m'masukulu, m'misika ndi m'maholo a m'maboma, m'Chingerezi, m'Chiswahili, m'Chiganda ndi m'zilankhulo zina. Katundu wawo anali wochepa: nsalu yotchingira kumbuyo, zovala zingapo, ng'oma, ndi galimoto yowanyamula pa nthawi ya tchuthi.

Ku Zambia mbewu imeneyi inagwera pa nthaka yachonde. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, mphunzitsi wina wa pa yunivesite ya Zambia, Michael Etherton, pamodzi ndi ophunzira ake, anaganiza zomanga bwalo la masewero la pamtetete kunja kwa mzinda wa Lusaka. Ophunzirawo anatchetcha okha thengo, ndipo bwalolo analitcha Chikwakwa, dzina la chipangizo chomwe anagwiritsa ntchito. Dzinali linali ndi uthenga. Masewero a azungu mu Lusaka ndi ku Copperbelt ankachitikira m'nyumba zotseka, za matikiti ndi makatani. A Chikwakwa anasankha dzina la Chinyanja, la chida cha munthu wamba. Mu 1970, pa nthawi ya msonkhano wa mayiko osatenga mbali womwe unachitikira ku Lusaka, anaonetsa sewero lonena za Che Guevara.

Chimene chinasiyanitsa a Chikwakwa ndi amene anawatsogolera chinali kachitidwe kawo pa maulendo a m'zigawo. Iwo anazindikira msanga kuti kufika pasukulu madzulo, kuonetsa sewero, m'mawa n'kunyamuka, n'chimodzimodzi mame aja. Choncho anayamba kukhala pamalo amodzi masiku angapo. Ankasonkhanitsa ana a sekondale ndi aphunzitsi awo, n'kukonzera pamodzi masewero m'chilankhulo cha m'deralo: Chinyanja kum'mawa, Chibemba kumpoto, Chitonga kummwera, Chilozi kumadzulo. Akatero ankayenda ndi anawo kukaonetsa masewerowo m'midzi yozungulira. Alendo akabwerera ku Lusaka, pasukulupo pankatsala ana odziwa kupeka sewero, ndi mphunzitsi wodziwa kuwatsogolera.

Etherton anathamangitsidwa m'dzikolo mu 1971, pambuyo pa zionetsero za ophunzira, koma ntchito sinafe. Mwa amene anaipitiriza munali Mapopa Mtonga, yemwe anadzakhala katswiri wofufuza za Gule Wamkulu ndi masewera a ana, David Kerr, yemwe anaphunzitsanso ku Chancellor College, ndi mnyamata wina wochokera ku Rhodesia dzina lake Stephen Chifunyise. Pa yunivesite yomweyo, m'zaka zomwezo, pankaphunzitsanso mayi wina wa ku Rhodesia, Fay Chung. Mayina awiri omalizawa akumvekanso nkhaniyi ikafika ku Mashonaland Central.

Ku Zomba: Chingerezi pansanja, Chichewa pabwalo

Ku Malawi zinthu zinayenda mwa njira yakeyake. Mu 1968 msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unakhazikitsa Chichewa kukhala chilankhulo cha fuko, n'kusiya dzina la Chinyanja lomwe a ku Zambia ndi ku Mozambique akugwiritsabe ntchito. Chaka chomwecho kunakhazikitsidwa lamulo lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo kuyambira pamenepo sewero lililonse linkayenera kupita ku bungwe lounika lisanaonetsedwe. Mu 1969 bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, ATEM, linayambitsa mpikisano wa zisudzo wa masukulu a sekondale. Cholinga chake chinali kunola Chingerezi cha ophunzira, motero Chichewa chinalibe malo pansanja imeneyo. Ngakhale zinali choncho, mpikisanowu unasula anthu ambiri. Du Chisiza Jr anatchuka mu 1982 ali mwana wa sukulu ku HHI ku Blantyre ndi sewero lake The Deceased's Attack, ndipo mu 1987 anayambitsa gulu la Wakhumbata.

Gulu loyendayenda la Chancellor College linayamba mu 1970, kolejiyo isanasamukire ku Zomba. M'zaka zake zoyambirira linkapita makamaka m'masukulu a sekondale ndi m'makoleji ndi masewero a Chingerezi, ena mwa iwo ochokera m'mabuku a mayeso. James Gibbs anasonkhanitsa masewero a alembi achinyamata m'buku la Nine Malawian Plays mu 1976, ndipo Steve Chimombo analemba The Rainmaker, sewero lochokera pa mbiri ya M'bona. Alembi anaphunzira kubisa mawu m'nthano, monga gule amabisira chidzudzulo kuseri kwa chigoba, pakuti kunena poyera kunali kudziitanira tsoka.

Kusintha kwenikweni kunadza mu 1981, pamene gululi, motsogozedwa ndi Chris Kamlongera ndi David Kerr, linapita ku Mbalachanda, m'boma la Mzimba, n'kukonza masewero osalembedwa, m'zilankhulo za anthu a kumeneko, onena za mavuto a kumudzi ndi a m'maesiteti a fodya. Chapakati pa zaka za m'ma 1980 linagwira ntchito ndi a zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde, monga ku Mwima. Kumeneko ophunzira ankayamba ndi kumvetsera: madzi amatungidwa kuti, chitsime chimasamalidwa ndi yani, n'chifukwa chiyani komiti ya zaumoyo sikumana. Kenako ankapeka sewero lalifupi, n'kuliimitsa pamene mkangano wafika pachimake, wosewera n'kutembenukira kwa owonera kuwafunsa kuti mlanduwu uweruzidwe bwanji. Anthu ankayankha monga amayankhira pabwalo la mfumu. Sewero lopanda pepala linalinso lovuta kuliunika, pakuti panalibe cholembedwa choti bungwe lija liwerenge. Pa nthawi yomweyo gulu la Kwathu ku Blantyre ndi sewero la pawailesi la Kapalepale zinaonetsa kuti Chichewa chili ndi khamu la owonera ndi omvera loposa la Chingerezi.

Chindunduma: ana a kunkhondo akwera pansanja

Pamene izi zinkachitika kumpoto, chigawo chomwe muli Bindura chinali pakati pa moto. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inakolera kwenikweni pa 21 Disembala 1972, pamene asilikali a ZANLA anaukira famu ya Altena ku Centenary. Mu 1974 boma la Ian Smith linasamutsira anthu a ku Chiweshe m'misasa yotchingidwa ndi waya. Usiku, m'midzi, omenyera ufulu ankachititsa misonkhano yochezera yomwe inkatchedwa pungwe, ya nyimbo, magule ndi timasewero tophunzitsa ndale. Ana zikwizikwi anawolokera ku Mozambique. Pa msasa wa Chimoio panali sukulu ya ana yotchedwa Chindunduma, ndipo msasawo unaphulitsidwa ndi asilikali a Rhodesia mu Novembala 1977.

Ufulu utabwera mu 1980, boma latsopano linayenera kupeza malo a ana amene anabwerera kuchokera ku misasa. Unduna wa zamaphunziro, pansi pa Dzingai Mutumbuka, mothandizana ndi Fay Chung amene anayendetsa maphunziro m'misasa ya ku Mozambique, unakhazikitsa bungwe la ZIMFEP, la masukulu ophatikiza maphunziro ndi ntchito zamanja. Imodzi mwa masukuluwo inamangidwa m'boma la Shamva, loyandikana ndi Bindura, ndipo inatenga dzina lomwe lija la Chindunduma.

Kumeneko kunafika alendo a kalumo kakuthwa kuchokera ku Kenya. Ngugi wa Mirii ndi Kimani Gecau anali m'gulu la anthu amene anamanga bwalo la masewero la m'mudzi wa Kamiriithu, komwe alimi ndi antchito a m'mafakitale anaonetsa sewero la Chikikuyu la Ngaahika Ndeenda mu 1977. Boma la Kenya linaletsa sewerolo, linatsekera Ngugi wa Thiong'o m'ndende popanda mlandu, ndipo mu Marichi 1982 apolisi anagwetsa bwalolo. Chaka chomwecho Ngugi wa Mirii ndi Gecau anathawira ku Zimbabwe, ndipo ZIMFEP inawapatsa ntchito yoyambitsa zisudzo za anthu wamba. Pamodzi ndi ophunzira ndi antchito a pa Chindunduma anakonza The Trial of Dedan Kimathi, sewero la Ngugi wa Thiong'o ndi Micere Mugo lonena za mtsogoleri wa Mau Mau amene Angerezi anamunyonga mu 1957, ndipo analiyenda nalo m'madera ena a dzikolo.

Chinthu chachilendo pa ulendowu chinali chakuti oyenda ndi sewero anali ana a sukulu ya kumudzi, ambiri mwa iwo oti anaona nkhondo ndi maso awo. Ku Ibadan, ku Makerere ndi ku Zomba, ophunzira a kuyunivesite ndiwo ankapita kwa ana. Ku Chindunduma ana a sukulu ndiwo anakhala alendo obweretsa sewero kwa anzawo ndi kwa akuluakulu. Nkhani ya Kimathi inali ya dziko lina, koma osewerawo sanafunike kuuzidwa tanthauzo la kulandidwa nthaka kapena kufunsidwa mafunso ndi msilikali.

Mu 1983 ku Murewa kunachitika msonkhano waukulu wa zisudzo za chitukuko, womwe unasonkhanitsa akatswiri ochokera m'mayiko ambiri a mu Afirika. Mwa oukonza munali Stephen Chifunyise, amene anali atabwerera kwawo kuchokera ku Zambia, ndi Ross Kidd, amene anathandiza kuyambitsa Laedza Batanani ku Botswana mu 1974. Mu 1984 Robert McLaren, wochokera ku South Africa, anayambitsa maphunziro a zisudzo pa yunivesite ya Zimbabwe. Mu 1987 kunabadwa bungwe la ZACT, lomwe linalumikiza magulu a zisudzo a m'malokeshoni ndi m'midzi, Ngugi wa Mirii ali patsogolo. Magulu ambiri otere ankakhalira masukulu: ankapempha chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, ana n'kupereka kangachepe pakhomo, sewero n'kuchitikira m'holo kapena pansi pa mtengo.

Ndipo mu 1989, pa sukulu ya pulaimale ya Blakiston ku Harare, McLaren, Chifunyise, Farai Gezi ndi Julie Frederikse anayambitsa CHIPAWO, bungwe lophunzitsa ana nyimbo, magule ndi masewero. Dzinali ndi chidule cha mawu a Chingerezi, komanso m'Chishona limamveka ngati pempho lakuti "patsakoni". CHIPAWO inapita patsogolo kuposa Chikwakwa pa nkhani ya mame ija: m'malo mwa ulendo wa pachaka, inkatumiza mlangizi pamalo amodzi sabata ndi sabata, ndipo ana amene anakulira m'menemo ndiwo anadzakhala alangizi a ana ena.

Amene anatsalira kunja kwa bwalo

Pa zonsezi pali mfundo imodzi yowawa kwa olankhula Chichewa. Zisudzo za ufulu ku Zimbabwe zinalankhula Chishona, Chindebele ndi Chingerezi. Zinafotokoza za nthaka yolandidwa ndi ya makolo, ndipo zinali ndi chifukwa chomveka chochitira zimenezo. Koma wantchito wa pafamu kapena wa mumgodi wochokera kumpoto kwa Zambezi analibe munda wa makolo m'dzikolo woti aubwezeredwe. M'nthabwala za m'tawuni iye anali mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre, wolankhula Chishona chokhota. Anthu ankaseka kalankhulidwe kake, ndipo ana ake anaphunzira kubisa chilankhulo cha kunyumba akangolowa pachipata cha sukulu. Njira imene Chifunyise anaiphunzira ku Chikwakwa, yolemekeza chilankhulo cha pamalo, inatumikira bwino Chishona, koma ana a m'makomboni ankawerengedwa ngati Ashona amene sanamalize kuphunzira Chishona chawo.

Nyimbo ndizo zinachita zimene sewero silinachite. Alick Macheso, wobadwira ku Shamva mu 1968 m'banja lochokera kumpoto kwa Zambezi, ndi Nicholas Zakaria, wa makolo a ku Malawi, anaika Chichewa m'nyimbo za sungura, ndipo dziko lonse linavina. Mwana wa ku Trojan kapena ku Aerodrome anamva chilankhulo cha agogo ake pawailesi asanachimve pansanja ya sukulu yake.

Zaka zotsatira zinali zowawitsa. Ndondomeko ya ESAP ya mu 1991 inabweza fizi m'masukulu a m'matawuni ndi kuchepetsa ntchito, choncho kangachepe ka pakhomo kanayamba kusowa. Mliri wa Edzi unabweretsa ndalama za mabungwe akunja, ndipo magulu ambiri anayamba kupeka masewero motsatira uthenga wa wolipira. Masewero ena anapulumutsa miyoyo, pakuti ananena poyera zimene makolo ndi aphunzitsi ankachita nazo manyazi. Ena anasanduka ulaliki wovala zovala za sewero, ndipo funso lija lofunsa owonera linakhala la mwambo chabe, yankho lake lodziwika kale. Kuyambira mu 2000 kulandidwa kwa mafamu kunachotsa antchito zikwizikwi pamalo amene anabadwira, ambiri mwa iwo a makolo a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Lamulo la unzika la mu 2001 linasiya ambiri opanda dziko, ziphaso zawo zitalembedwa kuti ndi alendo. Lamulo la POSA la mu 2002 linapangitsa kusonkhana kulikonse kukhala nkhani ya apolisi, ndipo mu 2004 boma linaletsa sewero la Super Patriots and Morons. Mu 2008, chaka chomwe Ngugi wa Mirii anafa pa ngozi ya galimoto ku Harare, mgodi wa Trojan unaimitsa ntchito, ndipo unadzatsegulidwanso mu 2012. Kumene makolo alibe malipiro, gulu loyendayenda silipeza ngakhale ya mafuta a galimoto.

Zitseko zomwe zatseguka

Komabe pa zaka 20 zapitazi pachitika zinthu zitatu zimene zasintha malo a mwana wolankhula Chichewa. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi, ndipo mwambo womwe unkanyozedwa unapeza ulemu pamaso pa maboma. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 anavomereza zilankhulo 16, Chichewa chili m'gulumo, ndipo anabwezera unzika kwa obadwira m'dzikolo amene makolo awo anachokera m'mayiko a SADC. Mu 2017 masukulu a pulaimale anayamba kuphunzitsa zaluso ndi zisudzo monga phunziro la m'kalasi. Bindura yokha ili ndi yunivesite yosula aphunzitsi a sayansi, yomwe inayamba mu 1996 n'kudziimira payokha mu 2000, ndiko kuti ili ndi gulu lomwelo la achinyamata lomwe ku Lusaka ndi ku Zomba linakwera lole.

Lamulo lolembedwa pa pepala silisewera sewero. Mphunzitsi wopatsidwa phunziro la zisudzo popanda kuphunzitsidwa amangolemba matanthauzo pa bolodi, ana n'kuloweza. Apa ndi pamene mbiri yafotokozedwayi ili ndi ntchito. Maulendo amene anasiya chipatso anali ndi zinthu zofanana. Alendo ankakhala nthawi yokwanira kuti amve za pamalopo asanatsegule pakamwa. Ankagwira ntchito ndi mphunzitsi amene adzatsale. Ankatenga nyimbo, nthano ndi masewera a ana omwewo kukhala mizati ya sewero. Ndipo ankalola ana kulankhula monga amalankhulira kwawo. Pa sukulu ya ku Bindura zimenezi zingatanthauze sewero lomwe agogo akulankhula Chichewa, mdzukulu akuyankha m'Chishona, ndipo kusamvana kwawo ndiyo nkhani yeniyeniyo, yoseketsa ndi yomvetsa chisoni pamodzi. Nkhani zoti n'kupeka zilipo zambiri: ulendo wa pansi wowoloka Zambezi, sitalaka ya ku Shamva, kalata yopita kumudzi yomwe sinayankhidwe, tsiku lokatenga chiphaso.

Pali malire amene mlendo wanzeru amawadziwa. Za kudambwe si za pansanja ya sukulu, ndipo akuluakulu a gule ali ndi ufulu wokana kuti ana avale zigoba ngati zoseweretsa. Koma beni, chimtali, nthano, zilapi ndi nyimbo za pamtondo zilibe chiletso, ndipo agogo amene amazidziwa akadali m'nyumba za ku Aerodrome, ku Chipadze ndi ku Trojan, ngakhale kuti chaka ndi chaka akucheperachepera.

Stephen Chifunyise anamwalira mu 2019, Du Chisiza Jr mu 1999. Njira imene anthu a m'badwo wawo anaitsegula inayenda mobwerera m'mapazi a machona: inayambira pa bwalo la dzina la Chinyanja ku Lusaka, inakhwimira m'midzi ya ku Malawi, n'kudzafika ku Shamva, komwe Anyasa ananyanyala ntchito zaka 55 m'mbuyo mwake. Magulu a zisudzo a ku Lilongwe, Blantyre, Chipata ndi Tete amasewera m'chilankhulo chomwe adzukulu a ku Bindura akuchiiwala, ndipo msewu wochokera ku Mwanza kudzera ku Tete ndi Nyamapanda ndi ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Makolo a anawo anauyenda pansi milungu ingapo, ng'oma ili paphewa.